Kiliniki ina ya mu Zomba ndi ululu wotsalira mashingozi a madala athu

Ndilembeko za kiliniki ina ya pulaiveti mu tauni ya Zomba muno komwe takhala tikupita ndi madala athu chifukwa cha ululu umene unawatsalira atachira mashingozi. Dzina lake sinditchula poti mukhalanso zina zomwe sizinandisangalatse, koma ikakhala nkhani ya mamakisi ndiwapatsa 4 pa 5, ndipo imodzi ndachotsayo ndi ya ku famase kwawo ndi pa tebulo lolembetsera, osati ya adokotala ayi. Adokotalawo ndi clinical officer, bambo wachikulireko ndithu, osathamanga poyankhula, ndipo ntchito amaidziwa.

Madala ali ndi zaka za m'ma 70, amakhala kumudzi cha ku Jali, shuga ndi BP anayamba nazo kalekale. Mashingozi anawagwira mbali ya kumanzere, kuchokera pamsana kudutsa m'nthiti mpaka pachifuwa, matuza ali mbwee mzere umodzi osadumphira mbali inayo. Kumudzi kunali mantha poti pali zija amati akazungulira thupi lonse n'kukumana ndiye kuti munthu wapita, zomwe si zoona, mashingozi amatsata mtsempha wa mbali imodzi nde amalekeza pakati pa thupi basi. Matuza aja anauma, nkhanambo zinagwa, panatsala zipsera zoderako, aliyense n'kumati Mulungu ndi wabwino achira. Koma munthu osagona. Malaya osavala. Nsalu yofunda ikangowakhudza pa nthiti paja amakuwa mpaka a nyumba yoyandikana kumva, chonsecho ukayang'ana pakhungupo palibe bala, palibe chotupa, palibe kufiira, nde apa ndi pamene anthu amayamba zonenanena, ena akuti akukokomeza kuti ana a ku tauni atumize ndalama, ena akuti ayi apa pali dzanja la munthu tiyeni kwa asing'anga akateme mphini, ena akuti ndi mtima umenewu poti ndi mbali ya kumanzere. Pa golosale anali atagula Panado, Brufen, diclofenac, kumwa mophatikiza mmene amvera kuwawa, m'mimba n'kuyamba kuwotcha koma ululu wa pa nthiti uli pomwepo.

Malowo ndi osavuta kupeza, kuchoka ku depoti pa kabaza ndi pafupi. Mkati ndi mwaukhondo, chimbudzi chili ndi madzi ndi sopo, zimenezi ndiwayamikire poti malo ambiri mumadziwa nokha. Koma pakhomo pali masitepesi ataliatali opanda pogwira, ndipo benchi yodikirira ina ili panja pomwe dzuwa likakwera limafika, nde kwa munthu amene thukuta lenilenilo likayenderera pa nthiti limamuwawa si zinthu. Adokotala odziwa za ululu wotere ndi mmodzi yekhayo, ndipo amatenga nthawi ndi wodwala aliyense, kutanthauza kuti mzere umayenda pang'onopang'ono kwambiri. Ukakhala panja umadandaula, ukalowa mkati umamvetsa.

Chomwe chinandikwiyitsa tsiku loyamba ndi mtsikana wa pa tebulo lolembetsera. Anthu ali phaa pa benchi iye n'kufunsa mokweza kuti "agogo vuto ndi chani?" madala mwaulemu wawo n'kuyankha motsitsa kuti mashingozi, iye n'kubwereza mokweza kuti "mashingozi eti?" akulemba. Anthu onse maso pa madala. Amene munakulira kuno mukudziwa chomwe anthu amaganiza akamva matenda amenewa, kuyambira zaka za m'ma 1990 muja munthu akatuluka mashingozi anthu ankangoti basi kaja kamupeza, ndipo maganizo amenewo sanathe mpaka lero. Funso limenelo ndi lofunsa m'chipinda, osati pa chigulu. Ndinawauza adokotala ndipo anapepesa, ulendo wina ndinaona kuti mtsikana uja akungofunsa dzina ndi kabuku basi, kaya anamulankhula kaya linali tsiku lake labwino.

Tsopano za m'chipinda, zomwe ndi chifukwa chenicheni ndikulembera zonsezi. Adokotala sanathamangire cholembera. Anatenga kabuku ka kuchipatala ka madala n'kuwerenga masamba akumbuyo onse, kenako anati "bambo, tandiuzeni nokha mmene kumawawira, mwana wanuyu ayambe wakhala chete." Kkkk ndinakhaladi chete. Madala anafotokoza kuti pamawotcha usana ndi usiku, nthawi zina pamabaya, nthawi zina pamangomenya shoko mwadzidzidzi mpaka kutaya kapu ya tiyi, komanso pamayabwa mkati mwenimweni moti ukakanda sukupeza pomwe pakuyabwapo. Anawafunsa kuti matuza anatuluka liti, anayamba ndi ululu kapena matuza, amagona maola angati, amadya bwanji, amakodza bwanji usiku, anagwapo posachedwa, amamwa mowa kapena ayi. Kenako anawavula malaya mosamala n'kutenga kathonje, thonje wamba lomweli, n'kuyamba kukhudza mbali ya kumanja yabwinoyo, madala akuti ndikumva bwinobwino, atafika nako pa zipsera paja madala anadumpha pampando. Atatero anatenga kachitsulo kosongoka pang'ono n'kugunda malo ena pakati pa zipsera pomwepo, madala akuti sindikumva kanthu. Malo amodzi omwewo, thonje likuwawa koma chosongoka osachimva. Adokotala anandiyang'ana n'kunena kuti "mwaona achemwali, bambowa sakunama, mtsempha ndi umene unavulala." Mawu amenewo okha kwa ine anali okwana ndalama yomwe tinalipira pakhomo, chifukwa munthu wamkulu anali atatopa ndi kuoneka ngati wabodza pamaso pa ana ake ndi adzukulu.

Anawamvetseranso pachifuwa, kuyeza BP, kuyeza shuga, kufinya pamimba, kuti atsimikize kuti si mtima kapena mapapo kapena chilonda cha m'mimba, poti ululu wa kumanzere kwa chifuwa kwa munthu wa shuga si woti ungoti aaa ndi mashingozi basi. Koma anati nthenda iyi siyifuna X-ray kapena sikani kuti idziwike, mbiri ya matuza, zipsera zotsata mzere umodzi, ndi kuyeza kwa thonje kuja ndi zokwanira. Apa ndinawapatsanso ulemu chifukwa kwina akanatilembera zoyeza zambirimbiri kuti bilu ikwere.

Mmene anafotokozera ndi chonchi, ndipo zina ndinakawerenganso ndekha n'kupeza kuti ndi zomwezo. Kachilombo ka mashingozi ndi komwe kaja ka katsabola, dzina lake varicella zoster. Ukadwala katsabola uli mwana n'kuchira, kachilomboko sikachoka m'thupi, kamakabisala m'mizu ya mitsempha pafupi ndi fupa la msana ndipo kakhoza kugona mmenemo zaka 50 kapena 60 osamva kanthu. Chitetezo cha m'thupi chikatsika, kaya ndi ukalamba, kaya shuga, kaya HIV, khansa, kapena mankhwala ngati prednisolone omwa nthawi yaitali, kamadzuka n'kuyenda motsata mtsempha umodzi mpaka kukatulukira pakhungu, ndipo mmene kakuyendamo kamawononga mtsemphawo. Iwo anayerekeza ndi waya wa magetsi amene wasupuka chikopa chake, nyumba ili bwinobwino, khoma lapentedwa, koma ukangokhudza pang'ono ukumenya shoko. Khungu limapola m'masabata awiri mpaka anayi, mtsempha umachedwa, mwina miyezi, kwa ena zaka. Ululu ukapitirira miyezi itatu kuchokera pomwe matuza anatuluka ndi pamene amautchula kuti postherpetic neuralgia, ndipo ndi zomwe analemba m'kabuku. A CDC, bungwe loona za matenda ku America, amati munthu mmodzi mwa atatu aliwonse kumeneko amadzadwala mashingozi pa moyo wake, ndipo mwa odwalawo pakati pa 10 ndi 18 pa 100 aliwonse amatsala ndi ululu umenewu, makamaka achikulire, munthu wosakwana zaka 40 si kawirikawiri.

Za HIV anazichita mwaulemu. Anandipempha kuti ndidikire panja, anakambirana awiri, madala anavomera kuyezetsa. Potuluka madala ananena okha kuti zili bwino. Adokotala anadzandiuza kuti aliyense wobwera ndi mashingozi amamupempha kuyezetsa, wazaka 25 kapena 80, chifukwa ndi chimodzi mwa zizindikiro zomwe zimatha kuonekera msanga chitetezo chikayamba kutsika, ndipo ma ARV ndi aulere m'zipatala za boma kuyambira 2004 nde palibe chifukwa chobisalira, komanso anthu aiwale zoti agogo sangakhale nako. Koma anatinso ukalamba pawokha ndi wokwanira kudzutsa mashingozi, osamangoloza anthu zala.

Achimwene anga a ku Lilongwe anali ataimba foni kuti tikawauze adokotala atipatse acyclovir, poti mnzawo wina anachira ndi ameneyo. Ndinafunsadi. Adokotala anakana, ngakhale anali nawo pa shelefu ndipo akanatha kungotigulitsa. Anati acyclovir amagwira ntchito matuza akangotuluka kumene, makamaka mkati mwa maola 72, 800 mg kasanu pa tsiku kwa masiku 7, nthawi imene kachilombo kakuswana. Pano kachilombo kanagonanso, chatsala ndi mtsempha wovulala, nde kumwa acyclovir ndi kungotaya ndalama ndi kulemetsa impso. Ananenanso chilungamo kuti ngakhale womwa msanga akhoza kutsalabe ndi ululu, koma matuza amauma msanga ndipo kuwawa kwa masiku oyambawo kumachepa. Madala nthawi imeneyo inawadutsa ali kumudzi anthu akuti kangaude wawakodzera, akupaka phulusa ndi aloe vera.

Choyamba anachita ndi kuwaletsa diclofenac ndi Brufen, anati kwa munthu wamkulu wa shuga ndi BP amenewa amakanda m'mimba ndi kupha impso mwakachetechete, komanso ululu wa mtsempha sawumva n'komwe. Panado anati akhoza kumwa akafuna koma asayembekezere zambiri. Kenako anawayamba pa amitriptyline, theka la piritsi la 25 mg, kamodzi usiku asanagone, ndipo anachenjezeratu kuti kukamwa kuziuma, m'mawa azidzuka ndi tulo, akhoza kudzimbidwa, ndipo podzuka pa mphasa kapena pabedi azidzuka pang'onopang'ono kuopa chizungulire, chifukwa munthu wa zaka zimenezi akagwa n'kuthyoka chiuno ndi nkhani ina yoposa mashingozi. Anatinso musayembekezere kuti mawa adzuka ali bwino, mankhwalawa amatenga masabata, ndipo cholinga choyamba si kuthetsa ululu wonse koma kuutsitsa mwina ndi theka kuti munthu agone ndi kuvala.

Ndiye pali kankhani koseketsa. Msuweni wanga wina anaona kapepala ka mankhwalawa n'kufufuza pa foni yake, basi nkhani yafika kumudzi kuti agogo awapatsa mankhwala a ku mental. Inu mukudziwa kuti ife a ku Zomba, ndi chipatala cha Zomba Mental Hospital chili pakhomo pomwepa, mawu amenewo amathamanga bwanji. Madala anakana kumwa, akuti ine mutu wanga uli bwinobwino. Nesi wa pa kiliniki ndi amene anawafotokozera pa foni kuti inde amitriptyline anapangidwira matenda a kukhumudwa, koma kumeneko amamwa mlingo waukulu kwambiri, pamene pa mlingo wochepa chonchi ntchito yake ndi kukhazika mtsempha pansi, ndipo amaperekedwanso kwa a shuga amene mapazi amawotcha. Madala anamva poti anawauza ndi nesi osati ine.

Tulo anayamba kupeza, ululu unatsikako, koma atakweza kufika piritsi lathunthu panabuka vuto la mkodzo. Amapita kukataya madzi n'kuima nthawi yaitali, akutuluka modontha, usiku kudzuka pafupipafupi. Apa ndi pamene ndinaona ubwino wa funso lija la tsiku loyamba loti mumakodza bwanji, chifukwa adokotala anali atalemberatu kuti prostate, kachiwalo ka abambo kozungulira njira ya mkodzo, ikuoneka kuti yayamba kukula, ndipo anali atatiuza kuti zikangotere tiimbe foni tisadikire tsiku lobwerera kwa adokotala. Amitriptyline amatha kutsekereza mkodzo kwa abambo a prostate, komanso sagwirizana ndi ena a vuto la kagundidwe ka mtima kapena matenda a maso aja a glaucoma. Anawatsitsa n'kuwasiyitsa, kenako anayeza magazi kuona mmene impso zikugwirira ntchito, creatinine, asanawayambe pa gabapentin chifukwa ameneyu amatuluka m'thupi kudzera mu impso nde zikakhala zofooka amaunjikana munthu n'kumangosinza ndi kudzandira. Anayamba ndi kapusozi ka 100 mg usiku, n'kumakweza pang'onopang'ono malinga ndi mmene thupi likulandirira. Ameneyunso poyamba anali wa khunyu, koma ulendo uno tinawauziratu madala tisanamve za msuweni uja. Kachasu ndi chibuku anawaletseratu, madala samwa kwenikweni koma pa zikondwerero amalawako.

Chinthu china chomwe sindinachionepo kwina, anatiuza kugula kope la sukulu, madala kapena mdzukulu azilemba tsiku lililonse nambala ya ululu kuyambira 0 mpaka 10, m'mawa ndi madzulo, ndi kuti agona bwanji. Poyamba ndinaona ngati zachibwana koma pobwerera adokotala amatsegula kope lija n'kuona okha kuti mlingo uno wathandiza kapena ayi, m'malo mwa zija munthu wamkulu amangoti "ayi ndikupezako bwino adokotala" pofuna kusangalatsa dokotala chonsecho usiku sanagone. Madala anayambira pa 8 ndi 9, pano amasewera pa 3 ndi 4, tsiku lina 2. Malaya akuvala, a kotoni otakasuka, ku tchalitchi akupita, kudimba akuyendera ngakhale khasu sanayambe kugwira kwambiri. Nyengo yozizira ya June ndi July, chiperoni chikatsika m'phiri muja, manambala anakweranso pang'ono, ndipo juzi ya ubweya imawakanda nde amavala malaya ofewa mkati kenako jekete pamwamba. Nesi anatiuzanso zonyowetsa kansalu m'madzi ozizira n'kuika pamalopo kukamawotcha masana, kwa madala zimathandiza, kwa ena akuti kuzizira ndi kumene kumawonjezera, nde muyese nokha.

Panali funso limodzi lomwe adokotala anafunsa lomwe linandizizira nkhongono. Anati "bambo, usiku mukakhala maso chonchi mumaganiza zotani?" Madala anakhala kaye chete kenako anati nthawi zina ndimaona kuti bola Mulungu angonditenga. Ife ana sitinkadziwa. Adokotala sanadzidzimuke kapena kuyamba ulaliki, anangocheza nawo, kufunsa amene amakhala nawo pakhomo, ngati anzawo amabwera kudzacheza, n'kunena kuti ululu wa miyezi wosagonetsa umagwetsa mtima wa munthu aliyense ndipo zimenezinso ndi mbali ya matendawa, azinena. Ulendo uliwonse amafunsanso. Pa zonse zomwe ndalemba, ichi ndi chomwe chingandipangitse kutumiza kholo la mnzanga kumeneko.

Amaimbanso foni. Nesi amaimba patapita masiku angapo mlingo ukasintha kufunsa za chizungulire, kutupa mapazi, tulo ta masana, ndipo ukatumiza uthenga pa WhatsApp amayankha ngakhale mochedwerako. Kwa ife amene wodwala ali ku Jali ndipo kubwera naye ku tauni ndi ndalama ya minibasi ya anthu awiri kuphatikiza mabampu omwe amamupweteka pa nthiti, foni imeneyo ndi yamtengo wapatali.

Tsopano ku famase, apa nde pali ntchito. Gabapentin amatha osanena. Adokotala omwewo akukuuza kuti mankhwalawa osasiya mwadzidzidzi, amafunika kutsitsa pang'onopang'ono, kenako ukupita pa windo akukuuza kuti atha mwina sabata ya mawa. Sabata ya mawa ya chani munthu watsala ndi makapusozi a masiku awiri? Tinazungulira ma famase a mu tauni, kwina alipo a 300 mg okha pamene ife timafuna a 100, mapeto ake mlamu wanga anakawapeza ku Limbe n'kutumiza pa minibasi. Ndikudziwa kuti nkhani ya forex yavuta dziko lonse ndipo chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 mankhwala ochokera kunja akhala akuvuta ndi kukwera, sindikuti ndi mlandu wawo okha, koma ngati mukudziwa kuti muli ndi odwala angapo amene amamwa mankhwala amenewa mwezi ndi mwezi, bwanji osawasungira kapena kuwaimbira foni kusanathe? Mtengonso umasintha ulendo uliwonse, ndipo gabapentin wa mwezi umodzi ndi wodula kangapo kuposa amitriptyline, nde ngati kholo lanu amitriptyline akuliyanja thokozani. Lisiti lawo amangolemba ndalama yonse pamodzi osagawa kuti iyi ndi ya dokotala, iyi ya labu, iyi ya mankhwala, mpaka uchite kupempha. Airtel Money ndi Mpamba amalandira, zimenezo zilibe vuto. Malangizo anga, pemphani adokotala akulembereni pepala la mankhwala kuti mukhale ndi ufulu wokagula kwina, iwo sakana, ndipo yambani kusaka mankhwala kukadali sabata yathunthu. Ndipo gulani pa famase yovomerezeka ndi a PMRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala, osati a m'jumbo a mumsika, makapusozi amenewa si oti uzingoyerekeza.

Loweruka kumakhala dokotala wina wachinyamata. Ulendo umene tinamupeza iyeyu sanatsegule n'komwe kope lija, anangoti agogo akufunika ma jakisoni a vitamin B ndi dripu kuti thupi libwerere. Ndinafunsa kuti dripu ya chani munthu akudya ndi kumwa bwinobwino, yankho silinamveke, tinakana mwaulemu. Titawafotokozera adokotala athu aja anangopukusa mutu n'kunena kuti vitamin ndi wothandiza ngati munthu akuperewera vitamin, si mankhwala a ululu uwu. Nde kiliniki imodzi yomweyo mukhoza kutulukamo ndi nkhani ziwiri zosiyana malinga ndi amene mwamupeza. Funsani kaye pa foni kuti alipo ndani.

Ndinafunsanso za mankhwala ena omwe ndinawerenga. Pali timapepala tomata pakhungu ta lidocaine 5% tomwe timachititsa dzanzi pamalopo ndipo ndi tabwino kwa achikulire poti sitizunguza mutu, koma iwo alibe ndipo anati ngati muli ndi wachibale ku Joni mwina angakupezereni. Pali kirimu wa capsaicin wopangidwa kuchokera ku tsabola, ameneyu amayamba ndi kuwotcha asanathandize, madala atangomva anati zimenezo ayi, ndipo chonde wina asakasinje kambuzi n'kupaka agogo. Pregabalin ndi m'bale wake wa gabapentin koma wodulanso kuposa. Tramadol anati amasunga ngati zina zonse zakanika ndipo kwa nthawi yochepa, chifukwa amazolowereka komanso amasokoneza mutu wa okalamba. Katemera aliko, Shingrix, anavomerezedwa ku America mu 2017, jakisoni kawiri motalikirana miyezi 2 mpaka 6, kwa a zaka 50 kupita m'mwamba, ndipo amateteza kuposa 90 pa 100. Kuno sali pa ndondomeko ya katemera wa boma ndipo kilinikiyi ilibe. Zimandiwawa ndithu poganiza kuti zonse madala adutsamozi kwina anthu amazipewa ndi majakisoni awiri.

Kodi ndi aliyense woyenera kupita kumeneku? Ayi. Ngati matuza atuluka pachipumi, pafupi ndi diso, kapena pansonga ya mphuno, musataye nthawi pa benchi ya kiliniki iliyonse yaing'ono, pitani ku Zomba Central tsiku lomwelo akaonedwe ndi a maso chifukwa mashingozi a pamenepo amatha kupha diso, adokotala athu ananena okha kuti oterowo amawatumiza. Chimodzimodzi ngati atuluka m'khutu kenako kukamwa kwapindika mbali imodzi, kapena matuza amwazika thupi lonse, kapena munthu wayamba kusokonekera mutu ndi kutentha thupi. Komanso ngati ndalama ndi yovuta, amitriptyline ndi mankhwala omwe zipatala za boma zimapereka, chachikulu ndi kufotokoza bwino kuti ululu unayamba pambuyo pa mashingozi, kuonetsa zipsera, kunena kuti nsalu ikakhudza imawawa, osangoti m'nthiti mukupweteka chifukwa mubwerako ndi Panado. Chomwe mukugula ku pulaiveti kuno ndi nthawi ya dokotala ndi kutsatira kuja basi, mapilitsi ndi omwewo.

Kwa adzukulu, kumudzi anali atawaletsa kuyandikira agogo awo mpaka miyezi, mbale ndi kapu zawo zapadera. Adokotala anati madzi a m'matuza ndi amene angapatsire katsabola, osati mashingozi, kwa munthu amene sanadwalepo katsabola, nde nthawi ya matuza amayi oyembekezera, makanda ndi a chitetezo chofooka azitalikira ndipo pamalopo paziphimbidwa. Nkhanambo zikangouma nkhani yatha, ululu wotsalawu supatsirana. Anachita kulemba zimenezi pa kapepala kuti ndikawerengere anthu kumudzi poti mawu anga okha sakanawakhulupirira.

Mukafuna kupita, pitani m'mawa kwambiri pakati pa sabata, Lolemba kumadzaza. Tengani kabuku ka kuchipatala ndi mankhwala onse omwe wodwala akumwa muwaike mu jumbo, kuphatikiza a pa golosale ndi azitsamba, adokotala amafuna kuona chilichonse ndipo sanyoza. Ngati ndi wa shuga mutengereni kachakudya chifukwa mzere uja ukhoza kukufikitsani masana. Madala akadali pa gabapentin, adokotala akuti manambala a mu kope akakhazikika pansi kwa miyezi ingapo ayamba kuchotsa kapusozi kamodzi kamodzi kuti tione ngati mtsempha wapola, ndipo ndawauziratu a ku famase kuti nthawi imeneyo tidzafuna a 100 mg, asadzandiuzenso za sabata ya mawa.